Kukula kwa galimoto kusatipusitse popachira zokolola

Nyengo yokolola ikatha, misewu ya kumidzi imadzaza ndi galimoto zokoka ngolo za chimanga, soya, mtedza ndi mabelo a fodya. Makalabu, makopaletivu ngakhalenso alimi ena omwe zawayendera akugula galimoto zikuluzikulu zoyendapo kale monga Prado, Pajero ndi Land Cruiser, zambiri mwa izo za otomatiki, zija zimasintha zokha magiya. Enafe timachita hayala. Maganizo anga ndi akuti mlimi wokakamiza kuti katundu yense apite ulendo umodzi akudzibera yekha, chifukwa pa galimoto zoterezi chomwe chimavutika msanga ndi giyabokosi, ndipo mdani wake wamkulu ndi kutentha.

Mu giyabokosi ya otomatiki, mphamvu ya injini imadutsa mu oyilo isanafike ku matayala. Galimoto ikamakwera chitunda pang'onopang'ono ikukoka katundu wolemera, oyiloyo amatakasidwa kwambiri mpaka kutentha, monga momwe ufa umatulukira wotentha m'chigayo. Oyiloyu amagwira bwino ntchito pa madigiri a pakati pa 80 ndi 95. Akapitirira 120 amayamba kupsa, ndipo timbale ta m'kati timaterereka ndi kuperepeseka. Choopsa n'chakuti muvi wa kutentha womwe dalaivala amayang'ana umanena za madzi a injini, osati oyilo wa giyabokosi. Muviwo ukhoza kukhala pabwinobwino pomwe kunsiku zinthu zikupsa.

Tiwerengere limodzi. Matumba 40 a makilogalamu 50 ndi makilogalamu 2,000, tisanaphatikize kulemera kwa ngolo ndi anthu okwera. Opanga Land Cruiser 200 amati ingakoke makilogalamu 3,500, koma pokhapokha ngoloyo ikhale ndi mabuleki akeake. Ikakhala yopanda mabuleki, ngati zambiri zowotcherera m'misika mwathumu, malire ndi makilogalamu 750 kuphatikizapo ngolo yomwe, kutanthauza kuti matumba sangafike ngakhale 15. Komanso galimoto yomwe yatha zaka 15 ili pamsewu siingafanane mphamvu ndi yatsopano. Tigalimoto ting'onoting'ono ngati Sienta ndiye tisatiyerekeze n'komwe pa ntchito imeneyi.

Misewu yathu nayo siichita chisoni. Yemwe adakwerapo chitunda chochokera ku Thabwa kupita ku Blantyre, cha Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti, kapena cha Chiweta, akudziwa kuti galimoto imakwawa nthawi yaitali, mphepo yoziziritsa ili yochepa. M'mwezi wa October m'chigwa cha Shire kumatentha kupitirira madigiri 40.

Ena anena kuti mafuta akwera mtengo, ndiye maulendo awiri ndi kuluza. Dandaulo limeneli ndi lomveka. Koma giyabokosi ikafera panjira, mtengo woikonzetsa kapena kugula ina umaposa kutali mafuta a ulendo wachiwiri, ndipo eni hayala amabweza ndalamayo pokweza mtengo wa thumba. Onjezanipo zokolola kugona pamsewu poyembekezera makaniko, akuba akuzungulira, tsiku la msika n'kudutsa. Paja akuluakulu adati kuthamanga si kufika. Katundu akachuluka, ndi bwino kalabu isonkherane n'kupeza lole, yomwe idapangidwira ntchito imeneyi.

Ngati mwasankhabe kukoka ngolo, werengani matumba musanapachire, ndipo nyamukani mbandakucha kunja kukadali kozizira. Pachitunda dalaivala azimitse O/D kapena aike giya yotsika, 3 kapena 2, kuti giyabokosi isamangosinthasintha, poti kusinthasinthako kumawonjezera kutentha. Potsetsereka agwiritsenso giya yotsika kuti mabuleki asapse. Potulutsa ngolo mumchenga kapena m'matope a kudimba aike 4L, koma aichotse akafika patala.

Nyali yolembedwa A/T OIL TEMP ikayaka, musamuuze dalaivala kuti tatsala pang'ono kufika. Aime pambali, aike pa P, injini aisiye ikulira kuti oyilo azizungulira mpaka nyaliyo izime. Nyengo yotuta isanayambe, makaniko aone oyilo wa giyabokosi. Pa galimoto zambiri wabwino amakhala wofiira, koma akada n'kumanunkha chopsa ndiye kuti watha. Chotsaninso udzu, mankhusu ndi matope zomwe zimatseka ladiyeta, ndipo ngati galimotoyo imakoka kawirikawiri, ikitsani kaladiyeta kapadera koziziritsa oyiloyu. Nawonso a galimoto zosintha magiya pamanja asadzitame, chifukwa katundu wopyola muyeso amawotcha kilatchi.

Alimi anzanga, palibe mwa ife amene angapachire ng'ombe katundu wopitirira n'kuzikwapula pachitunda dzuwa lili paliwombo. Ng'ombe ikatopa imachita wefuwefu kapena kugona pansi, ndipo timaimvera chisoni. Giyabokosi imapsa mwakachetechete, timadzazindikira galimoto itakana kuyenda. Pamsonkhano wa kalabu ukubwerawu, gwirizanani chiwerengero cha matumba pa ulendo uliwonse, muchilembe m'buku, ndipo aliyense achitsate, ngakhale wapampando amene.