Khansa ya m'magazi: cithandizo sicithera ku India

KABWE. Banja la ku Bwacha likauzidwa kuti m'bale wao ali ndi khansa ya m'magazi, limayamba ulendo wa makilomita pafupifupi 140 kupita ku Lusaka, kumene kuli cipatala ca Cancer Diseases Hospital, cimene cinatsegulidwa mu 2007. Odwala ena amapitirira pamenepo. Amene afunika kuikidwa maselo opanga magazi ocokera kwa munthu wina akhala akupita ku India kapena ku South Africa, ena pa ndalama za boma, ena pa zimene abale asonkha.

Anthu ambiri amayesa kuti wodwala akatsika ndege ku Lusaka ndiye kuti wacira. Koma cimene cimapha ambiri mwa odwala otere ndi kubweranso kwa matendawa, makamaka m'zaka ziwiri zoyamba, pamene maselo ocepa a khansa amene anatsala m'thupi ayambanso kuculukana.

Pofuna kuletsa zimenezi, madokotala akugwiritsa nchito mankhwala amene amalunjika pa vuto lenileni la m'maselo a khansa. Pa mtundu wa khansa wochedwa AML, pafupifupi wodwala mmodzi mwa anayi ali ndi vuto m'jini yochedwa FLT3, limene limacititsa maselo kuculukana mosaleka.

Kafukufuku wa SORMAIN, amene anacitika ku Germany ndi ku Austria pa odwala 83 a vutoli, anatulutsa zotsatira zake mu 2020. Odwala ena anamwa mapiritsi a sorafenib kwa miyezi 24 ataikidwa maselo, ena anapatsidwa mapiritsi opanda mankhwala. Patapita zaka ziwiri, 85 peresenti ya amene anamwa sorafenib anali moyo matenda osabweranso, pamene m'gulu linalo anali 53 peresenti.

Kafukufuku wina wamkulu, wa MORPHO, anayesa mankhwala a gilteritinib pa odwala 356. Zotsatira zake, zimene zinalengezedwa mu 2023, zinaonetsa kuti phindu lalikulu linali kwa odwala amene kupima kunasonyeza kuti akali ndi tizotsalira ta khansa. Kwa amene analibe, mankhwalawo sanasinthe zambiri. Motero mankhwala amenewa amayendera limodzi ndi kupima. Popanda labotale yokhoza kupeza FLT3 ndi tizotsalira timeneti, dokotala sangadziwe bwino amene ayenera kumwa. Ndiponso mapiritsiwa ali ndi zovuta zake, monga zidzolo ndi kutsegula m'mimba, kotero wodwala ayenera kuonedwa kawirikawiri.

Kwa munthu wa ku Bwacha, zimenezi zitanthauza zaka ziwiri za mapiritsi odula, kupimitsa magazi ndi maulendo a basi opita ku Lusaka, pa nthawi imene banja lagulitsa kale zimene linali nazo.

Mbiri ya mankhwala a imatinib isonyeza kuti njira ingapezeke. Mankhwalawa, a mtundu wina wa khansa ya m'magazi wochedwa CML, anavomerezedwa ku America mu 2001. Kampani ya Novartis ndi bungwe la Max Foundation anayamba kuwapereka kwaulere kwa odwala a m'maiko osauka, ndipo mu 2015 bungwe la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri.

Unduna wa za Umoyo ndi bungwe la inshuwalansi la NHIMA ndiwo ali ndi mphamvu yokonza zotere mu Zambia. Ndalama zotumizira wodwala kunja ziyenera kuwerengeredwa pamodzi ndi za mankhwala ndi kupima kwa zaka ziwiri zotsatira, ndipo magazi ake azitengedwa ku cipatala cacikulu ca Kabwe ndi kutumizidwa ku labotale. Ngati zimenezi sizicitika, dziko lidzalipira mbali yodula koposa ya cithandizo, kenaka n'kutaya wodwalayo atabwerera kale kwao.