Chimimba chokana kuphwa

Pa Benga, mnyamata akagula njinga yamoto ya kabaza kapena bizinesi ya usipa ikamuyendera, pakangotha chaka anzake amayamba kumuseka: "Bwana, mimba yayamba kutuluka, ndalama zilipo!" Iye amasangalala nazo. Koma mimba imeneyi ili ndi mbali ina.

Mafuta a pamimba alipo amitundu iwiri. Ena ali pansi pa khungu, omwe mutha kuwatsina. Ena ali mkati, okuta chiwindi ndi matumbo, ndipo ndi amenewa omwe amakokera munthu ku matenda a shuga, BP ndi mtima. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu atatu aliwonse m'Malawi, mmodzi ali ndi BP yokwera.

Nanga amachokera kuti? Choyamba ndi insulin, homoni yomwe kapamba amatulutsa shuga akachuluka m'magazi. Kondowole wodzaza mbale, mpunga woyera, tiyi wa masupuni anayi a shuga, kenako Fanta masana: zonsezi zimachititsa kuti insulin izikhala yokwera, ndipo ikakwera thupi limasunga mafuta m'malo mowagwiritsa ntchito. Botolo limodzi la Coca-Cola la 300ml lili ndi shuga wokwana masupuni ang'onoang'ono pafupifupi 8.

Chachiwiri ndi cortisol, homoni ya nkhawa. Ngongole ya banki mkhonde, nsomba zosowa panyanja, fizi ya ana: nkhawa zikakhala za tsiku ndi tsiku, cortisol imakankhira mafuta pamimba. Onjezerani kugona mochedwa muli pa TikTok. Mukamagona maola osakwana 7, homoni ya njala yotchedwa ghrelin imakwera, n'chifukwa chake kukacha mumalakalaka mandasi ndi chipisi cha pachiwaya. Mowa nawo umawonjezera, kaya ndi Chibuku kaya wa m'botolo.

Kwa atsikana, ngati mimba ikukula pamodzi ndi msambo wosinthasintha, ziphuphu ndi tsitsi pachibwano, kaonaneni ndi adokotala. Likhoza kukhala vuto la mahomoni lotchedwa PCOS.

Musataye ndalama pa tiyi "wophwetsa mimba" wotsatsidwa pa WhatsApp, ndipo ma sit-up okha sachotsa mafuta pamalo amodzi. Bwerekani tepi kwa telala muyeze chiuno, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno. Mwamuna akapyola masentimita 94, mkazi 80, ndi nthawi yosintha.

Chepetsani mtanda wa nsima, muchulukitse usipa, nyemba ndi chisoso. Mgaiwa uposa ufa woyera. Bungwe la WHO limalangiza mphindi zosachepera 150 pa sabata zolimbitsa thupi, ndiye ulendo wa kunyanja muziyenda wapansi, kabaza ipume. Foni izizima 10 koloko usiku. Ndipo mukapita ku chipatala chachikulu ku Nkhotakota, pemphani akuyezeni shuga ndi BP, ngakhale mukumva bwino.