Musafufute Mphini za Agogo

Amayi anzanga, chiperoni chikafika kuno ku Blantyre m'mwezi wa June, chinyontho sichisiya zithunzi zathu za m'sutikesi. Zina zimachita chuku, zina kumatana.

Ine ndili ndi chithunzi chimodzi chokha cha malemu mayi anga, chimene anajambulitsa ku Limbe m'chaka cha 1974. Chitayamba kuwonongeka, ndinapempha mdzukulu wanga kuti achikonze pa kompyuta ya pakhomo. Mwanayo anagwiradi ntchito ndi mtima wonse. Komatu anayeretsa khungu lawo, nafufuta mphini za m'masaya poyesa kuti pepala linakandika. Nditayang'ana ndinaona mayi wokongola ndithu, koma wachilendo, wosakhala amene anandibereka kumsana.

Tsono mverani. Mukapita kukasikanitsa chithunzi m'tauni, nenani kuti mukufuna 600 dpi, ndipo akuikireni pa fulashi, pakuti WhatsApp imachepetsa chithunzi. Fayilo yoyambayo musaikhudze. Konzani kope lake. Pulogalamu ya GIMP ndi yaulere. Dulani m'mphepete modyeka, onjezani kuwala pang'ono pokha, ndipo ming'alu muitseke ndi chida chotchedwa Heal, umodziumodzi, monga tichitira posoka chigamba.

Koma chachikulu, kokani mpando mukhale pambali pa mwanayo. Iye adziŵa makina, nkhope ija muidziŵa ndinu. Ife tinayambiranso Loŵeruka lathali, ine ndikuloza ndi chala, iye akukonza. Mphini zonse zisanu ndi imodzi zabwerera, zitatu tsaya lililonse.