Chemistry Imene Tinataya Ili pa Mbaula

Tiyeni tikambe zoona. Ambili a ife tinalemba mayeso a Giledi 12, n'kuiwala chemistry tikalibe kufika pa geti ya sukulu. Makope tinapatsa amayi a vitumbuwa kuti azikulungila malonda. Tinali kufunsa monyada kuti, "Ma-mole aya adzanithandiza ciani pa umoyo?" Yankho lake limakhala pakati pa cipinda cathu caka ciliconse mu June na July. Ni mbaula.

Kunja kwazizila, malaiti apita. Timalowetsa mbaula m'nyumba, kutseka citseko, pa mpata wa windo n'kutsekapo na citenge. Malasha akafiila, utsi ukatha, timati manje ili cabe bwino. M'mawa aneba agogoda, kulibe woyankha. Pamalilo timayamba kunong'onezana za ufiti, za poizoni m'cakudya, za nsanje ya acibale. Timachula zonse, kusiyapo equation imene tinakopela pa bolodi tikuwodzela.

Equation yake ni iyi: C + O₂ → CO₂. Malasha mbali yaikulu ni carbon. Kuti magalamu 12 a carbon apye bwino, afunika magalamu 32 a oxygen, ndipo pamatuluka magalamu 44 a carbon dioxide. Stoichiometry imene inali kutizunguza mutu ni imeneyo cabe: kuwelengela kuti cinthu ici cifuna zingati za cinzake. Moto sucita nkhongole. Oxygen ikacepa, carbon imapyabe, koma mwa njila ina: 2C + O₂ → 2CO. Oxygen imodzimodzi ija, magalamu 32, yagawidwa pa magalamu 24 a carbon, ndipo cotuluka ni carbon monoxide. Kusiyana kwa CO₂ na CO ni atomu imodzi ya oxygen. Pa mayeso tinali kutaya maliki imodzi tikaiwala ka 2 kaja. M'cipinda cotseka, anthu amataya moyo.

Manje tiyeni tiwelengele, monga mmene timacitila na cenji ya m'basi. Tenga cipinda ca lenti cimene tonse timacidziwa ku Kanyama, ku Chawama olo ku Mtendere: mamita 3 m'litali, 3 m'lifupi, 2.5 kufika ku malata. Muli malita 22,500 a mpweya, ndipo oxygen ni 21 pelesenti cabe. Kuno ku Lusaka, kumene tili pamalo okwela, oxygen imeneyo imalemela pafupi-fupi makilogalamu 5.5. Kilogalamu imodzi ya carbon ifuna makilogalamu 2.7. Conco mbaula imodzi yodzala ingathe kudya pafupi-fupi hafu ya oxygen ya cipinda conse, pamene iwe, mng'ono wako na mwana wa alongo ako mupuma mpweya umodzimodziwo.

Coopsa kwambili sicimayembekezela kuti oxygen ifike pa hafu. Mkati mwa mulu wa malasha mpweya sufika mokwanila, conco CO imapangika olo mbaula ili panja. Kusiyana n'kwakuti panja mphepo imaimwaza. Tiyelekeze kuti magalamu 100 cabe a carbon, timalasha tokwana m'dzanja, tasanduka CO. Amenewo ni ma-mole 8 na kacidutswa. Tinaloweza kuti mole imodzi ya gasi imatenga malita 24. Cotuluka ni malita 200. Gawa na 22,500, upeza pafupi-fupi 1 pelesenti. Mpweya wokhala na 1 pelesenti ya CO umapha munthu m'mamineti ocepa.

Cifukwa cake cili m'magazi. Haemoglobin, imene imanyamula oxygen m'thupi, imagwila CO mwamphamvu kuposa oxygen nthawi zoposa 200. CO ikakhala pa mpando, oxygen imatsala pa siteshoni. Gasi imeneyi ilibe fungo, ilibe mtundu, siikhosomoletsa. Mutu umayamba kuwawa, cizungulile, mselu, tulo. Munthu wogona kale sadziwa kanthu.

Ndiye cifukwa cake nzelu zina za m'komboni ziyenela kutha. "Utsi ukatha ndiye kuti kulibe vuto." Bodza. Malasha ofiila amatulutsa CO popanda utsi uliwonse. "Ika beseni ya madzi pafupi, idzakoka poizoni." Bodza. CO siisungunuka kwenikweni m'madzi. "Wakomoka, m'patseni mkaka." Mkaka supita kukacotsa CO pa haemoglobin, ndipo kumwetsa munthu wokomoka kungam'tsamwitse. Afunika kum'tulutsa panja na kuthamanga naye ku cipatala, kumene angam'patse oxygen.

Wina adzati n'cosavuta kukamba ukakhala na heater na jenaleta. Tamva. Mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, tonse tinaona mmene mdima umatalikila, ndipo mbaula ndiyo inatiphikila nsima. Kugona windo ili yotsegula m'komboni nakonso ni kuitana akawalala. Sitikamba kuti titaye mbaula. Tikamba kuti phikila panja olo pamalo popita mphepo. Ukaothela moto m'nyumba, citseko cikhale cotsegula. Nthawi yogona ikakwana, mbaula ituluke, olo malasha aoneke monga azima. Izi sizifuna ndalama. Ndipo a jenaleta asadzimve otetezeka: injini ya petulo nayonso imatulutsa CO, conco kuiliza m'kolido olo m'shopu yotseka kuopa akuba ni nkhani imodzimodzi.

Mlandu wina uli pa mmene timaphunzilila. Timathela miyezi pa mapepala a mayeso akale, kubalansa ma-equation a zinthu zimene sitinazionepo na maso, koma mbaula imene ili pakhomo lililonse siiloŵa m'kalasi. Aphunzitsi, tipempha: musanatipatse fomula, tiuzeni tipime cipinda cimene timagonamo. Mwana amene wawelengela yekha malita 200 aja sadzalola ambuya kugona na moto.

Koma mlandu waukulu ni wathu. Ndife amene tinapita ku sukulu na ndalama za makolo ogulitsa tomato na malasha amenewa. Timadziŵa mitengo ya mabandulo pa netiweki iliyonse, timadziŵa zigoli za Premier League, koma tikaona amayi aloŵetsa mbaula usiku timakhala cete kuopa kuoneka odziŵa zonse. Ulemu wotelo ulibe phindu. Kamba mwaulemu, fotokoza pang'ono-pang'ono, ndipo akakana, nyamuka uitulutse wekha.

Lelo usiku, ngati onse m'nyumba adandaula mutu nthawi imodzi, usafunefune Panado. Tsegula citseko, tulukani nonse panja, ndipo amene wafooka mupite naye ku cipatala.