Pa malilo tilipo, nanga pa magazi?

Ife a mu Lusaka malilo timawadziwa. Munthu akamwalila mu komboni, kukaca thumba la unga lafika, malasha afika, gulu la WhatsApp latsegulidwa, minibasi zaima pa geti kuyembekeza ulendo wa ku Chingwere. Palibe amene amacita kutumidwa. Koma pamene munthu yemweyo anali moyo, ali gone pa bedi kuyembekeza paketi imodzi ya magazi, tinali kuti?

Funso ili linanigwila caka catha. Ba neba anga, amai ogulitsa tomato pa msika, anawapeza na khansa ya khomo la cibelekelo, imene ndiyo ivutitsa kwambili azimai muno mu Zambia. Anayamba kemo bwino-bwino. Tsitsi linathothoka, nsima inaleka kukoma, koma iwo analimba mtima. Tsiku lina mwana wao anagogoda pa citseko canga. "Ba ankolo, adokotala akuti magazi a amai acepa maningi, mankhwala sangapitilize mpaka awaike magazi."

Ambili sitidziwa kuti khansa na magazi ziyendela pamodzi. Kemo imapha maselo amene aculuka msanga. Tsoka lake ni lakuti maselo a m'kati mwa mafupa, amene apanga magazi, nawonso aculuka msanga, conco amakhudzidwa. Onjezamponi kuti khansa ya cibelekelo imataitsa magazi. Magazi akacepa, dokotala amakankhila patsogolo tsiku la mankhwala, ndipo pamene wodwala ayembekeza, matenda sayembekeza.

Cipatala ca Cancer Diseases Hospital, cimene cinatsegulidwa mu 2007 pafupi na UTH, cilandila odwala ocokela ku Chipata, Mongu, Kasama na kwina konse. Makina angagulidwe kunja, mankhwala angabwele pa ndeke. Magazi alibe fakitale. Acokela m'dzanja la munthu cabe, ndipo sakhalitsa: paketi ya maselo ofiila imatha nchito patapita milungu isanu kapena isanu na umodzi, pamene ma platelet, othandiza magazi kuundana, ni masiku asanu cabe.

Manje tamvelani camanyazi. Gawo lalikulu la magazi amene bungwe la Zambia National Blood Transfusion Service lisonkhanitsa licokela kwa ana a sukulu za sekondale na makoleji. Sukulu zikatsekela, makamaka mu December, nkhokwe zimaphwa. Ndiye kuti tauni yonse ino, na madalaivala ake, ma bwana a mu maofesi na ise okonda mpila, tatsamila pa mwana wa yunifomu.

Zifukwa zathu nizidziwa, cifukwa nanenso n'nali nazo. Ena akuti magazi apita ku za usatana. Amene akamba zimenezi, m'bale wao akagundidwa na galimoto pa Great East Road, sanafunsepo kuti paketi yacokela kwa ndani. Ena aopa kuti adzatha magazi. Amatengako pafupifupi 450 ml, yosakwana botolo la madzi la hafu lita, ndipo thupi limabwezeletsa lokha. Salola munthu wodwala kapena wocepa thupi, amayamba akupimani.

Mantha enieni, amene sitikamba pagulu, ni a zotulukapo. Magazi alionse amapimidwa HIV, hepatitis B, hepatitis C na cindoko. Mantha awa siniwaseka ai. Koma matenda onsewa ali na thandizo ku cipatala, ndipo kusadziwa sikunacilitsepo munthu.

Tsiku lija tinapita anthu anai a pa mzele wathu. Mmodzi anabwezedwa cifukwa magazi ake anali ocepa, atatu tinapeleka. Singano inakhala m'dzanja mphindi ngati khumi, kenako cakumwa cozizila, n'kubwelela ku nchito. Ba neba anaikidwa magazi, anatsiliza mankhwala, ndipo lelo ali pa thebulo lao akangana na makasitomala za mtengo wa tomato. Magazi amene analandila sanali athu. Anali a munthu wina wosadziwika amene anapeleka kale, osayembekeza kugogodeledwa.

Apa ndiye pagona nkhani. Kuthamanga pamene meseji yafika kuti m'bale ali pangozi ni kwabwino, koma magazi afunika nthawi yopimidwa. Wopulumutsa wodwala wa lelo ni uja anapeleka sabata yatha. Mwamuna wathanzi angapeleke pa miyezi itatu iliyonse, mkazi pa miyezi inai.

Ma kwaya, magulu a cilimba, ma komiti a pa msika na pa siteshoni, muli nao kale mndandanda wa zopeleka pa malilo. Tsegulani tsamba lina m'buku lomwelo, muitane a magazi abwele Ciwelu cimodzi. Osayembekeza 14 June, tsiku lokumbukila opeleka magazi. Pali mai wina amene tsiku lake la kemo ni Lolemba likubwelali.