Kodi Magazi Angaulule Matenda Ovutika Maganizo?

Munthu akadwala malungo, dontho limodzi la magazi limakwanira kuti achipatala adziwe chomwe chavuta. Koma amene wakhala wachisoni kwa masabata oposa awiri, sagona tulo, chakudya sichimukoma ndipo khasu lamukanika, kawirikawiri amangonenedwa kuti ndi waulesi kapena walodzedwa. Chikhalirecho, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu 2017 kuti anthu oposa 300 miliyoni anali ndi matenda ovutika maganizo.

Akatswiri akhala akufufuza ngati magazi angapereke umboni wa matendawa. Maselo a m'thupi amasunga malangizo a chibadwa otchedwa DNA, monga momwe mlimi amasungira mbewu zamitundumitundu. Komatu mlimi sadzala mbewu zonse nthawi imodzi. Nawonso maselo oyera a m'magazi amasankha malangizo oti awagwiritse ntchito, ndipo potero amapanga timauthenga totchedwa RNA, timene tingathe kuyezedwa.

Mu 2014, gulu lotsogozedwa ndi Eva Redei wa pa yunivesite ya Northwestern ku America linayerekeza magazi a odwala 32 ndi a anthu ena 32 osadwala. Linapeza kuti mitundu 9 ya timauthengati inali yosiyana. Odwalawo atalandira uphungu kwa masabata 18, zina mwa zizindikirozo zinasintha mwa amene anachira.

Komabe anthu 64 ndi ochepa kwambiri. Kuwonjezera apo, maselo oyera amasinthanso kagwiridwe kawo ka ntchito akakumana ndi malungo, chifuwa chachikulu kapena kachilombo ka HIV, matenda omwe ndi ofala m'chigawo chino cha Africa. Mpaka lero, madokotala amazindikira matendawa pofunsa ndi kumvetsera, osati poyeza magazi. Wina akamatsatsa kuyeza kotere pa ndalama, mlimi asafulumire kugulitsa mbuzi yake.

Phindu la kafukufukuyu ndi lakuti akusonyeza kuti kuvutika maganizo kumakhudza thupi lenilenilo; si ulesi ayi. Ndipo thandizo silidikira makina. Ku Zimbabwe, ntchito ya Friendship Bench, imene anayambitsa Dr Dixon Chibanda, imaphunzitsa agogo kufunsa mafunso 14 ndi kupereka uphungu atakhala pabenchi pafupi ndi chipatala. Kafukufuku wa mu 2016 anatsimikiza kuti njirayi imathandizadi.

Alangizi a m'midzi akaona munda wa mlimi wakhama utamera tchire, ayambe afunsa za mtima wa mwini wake. Akamva zoti akuganiza zodzipha, amuperekeze kuchipatala tsiku lomwelo.