Za Kunsi kwa Galimoto Zisaiwalike

Magalimoto ambiri amene ogwira ntchito m'Boma akugula masiku ano ndi ogwirapo kale ntchito ku Japan, ndipo ochuluka amadzera ku Dar es Salaam ndi pa chipata cha Songwe. Eni ake amasamala injini, amasintha oyilo, amapukuta penti mpaka kunyezimira. Koma zitsulo za kunsi, zimene zimagwira magudumu ndi chiwongolero, amazikumbukira pa tsiku la ngozi. Khalidwe limeneli liyenera kutha.

Galimoto siibisa matenda ake. Ikamagogoda pa mabampu, ikamakokera mbali imodzi, kapena tayala likamadyeka m'mphepete mokha, kawirikawiri ndiye kuti mabushi, bolojointi kapena tayirodi zatha. Bolojointi imakhala m'kathumba ka labala kosunga girisi. Kathumbako kakang'ambika, fumbi la chilimwe ndi matope a dzinja zimalowa ndi kupera chitsulo pang'onopang'ono, kufikira tsiku lina gudumu n'kugwa cham'mbali galimoto ili pa liwiro. Zimenezi zikachitika potsetsereka pa Chiweta kapena pa mapiri a Chikwawa, ngakhale dalaivala wodziwa ntchito yake sangachitepo kanthu.

Kuyesa kwake sikulira ndalama. Makaniko akweze galimoto pa jeke ndi kugwedeza gudumu: likamasewera kumanja ndi kumanzere akayikire tayirodi, likamasewera m'mwamba ndi m'munsi akayikire bolojointi kapena beringi.

Chomvetsa chisoni ndi chakuti ena, atadziwa vuto, amasankha kuzigamba. Amadula tayala lakale kuti likhale bushi, amamenya bolojointi ndi hamala kuti igwire, ena mpaka kuwotcherera tayirodi. Iwo amati ndi luso. Kunena zoona, kumeneku ndi kugona kwa phokoso lokha, chitsulo chikadali chakufa, ndipo amene adzalipire ndi ana a sukulu oyenda m'mbali mwa msewu. Chitsulo cha chiwongolero chikatha chichotsedwe. Mashoko asinthidwe awiriawiri, ndipo tayirodi yatsopano ikalowa galimoto ipite ku alaimenti, apo ayi matayala sakhalitsa.

Akuluakulu a m'maofesi nawonso ali ndi udindo. Dalaivala akanena kuti chiwongolero chikusewera, asauzidwe kuti ayambe wapita ku ulendo chifukwa chikalata cha COF sichinathe. Chikalatacho chimanena za tsiku limene galimoto inayesedwa. Lipoti lake lilembedwe, ndipo galimotoyo iime kufikira makaniko ataiona.